Zala Zinayi za a Yeremiya

Marita nkhonya ankadana nazo, komatu Loweruka lililonse ankayala nyemba zake m'munsi mwa khonde la sitolo ya a Saidi, pomwe nkhani inali ya nkhonya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amayi anzake ankagulitsira kutsidya kwa msewu waukulu, pomwe pankaima basi ndiponso pomwe dzuwa linkayambira kuomba, ndipo ankamuseka kuti wakwatiwa ndi mthunzi. Mwamuna wake, Rafaelo, anapita ku Halale kukafuna ya msonkho mwana wawo Esitere ali kumsana, ndipo tsopano Esitereyo anali ataguluka kale mano akutsogolo. Makalata anabwera chaka choyamba chokha. Kumudzi, kuseri kwa phiri la Mphunzi, anthu anali atayamba kumutchula munthuyo kuti mtchona, poyamba monong'ona, kenako mosabisa. Chomwe chinatsala n'chakuti ku Halaleko Rafaelo anatchuka ndi nkhonya, ndipo pakhonde la a Saidi sipankapita sabata dzina lake osatchulidwa. Pamenepo ndi pamene Marita ankamvera ngati mwamuna wake akali moyo.

Amuna a pakhondepo, tinene zoona, ambiri mwa iwo sanaponyepo chibakera ngakhale pa dzungu. Anali anthu obwerako ku Halale ndi ku Joni, ena ophikira azungu, ena a m'minda ya fodya, ena a mumgodi, amene masana a Lamulungu ankakaima kunja kwa zingwe n'kumakuwa mpaka kusasa mawu, anzawo akuswana nkhope. Anabwerera kwawo ndi chikhoti chimodzi chimodzi, chifuwa chosatha, ndi nkhani. Nkhondo ya azungu inali itatha kalekale, chitaganya chinali chitabwera anthu akukana, koma pakhondepo mlandu waukulu unali umodzi wokha: mwa ankhonya onse amene anapondapo bwalo la ku Halale, wamkulu ndani, womutsatira ndani? Nkhani zatsopano zinkabwera ndi aliyense wotsika basi ali ndi sutikesi. Zambiri zinali za kandimverere, koma zinkalandiridwa ndi manja awiri.

Woweruza anali a Yeremiya, nkhalamba yaukali imene inasiya chala chimodzi mumgodi ku Joni. Ankaweruzira padzanja lomwelo, ndiye malo analipo anayi okha. Chala chachikulu chinali cha woposa onse, chamkombaphala cha wotsatira, kenako chapakati, kenako n'kudumpha chitsa chija kukafika pa kachala kakang'ono. Wotsetsereka kuchoka pa kachala kameneko ndiye kuti wagwera m'fumbi, dzina lake liiwalike.

Chala chachikulu chinali ndi mwini wake chikhalire: Chigumula, Mngoni wa ku Ntcheu, amene ankagwetsa anthu nkhondo isanayambe ndipo anamwalira kalekale. Za iyeyo panalibe mkangano. A Yeremiya ankangoimika chalacho, amuna n'kugwedeza mitu, n'kupitirira. Phokoso linkabuka pa zala zitatu zotsalazo. Pamenepo pankalimbirana Nyundo, Mzezuru wa ku Halale komweko, wa mapewa ngati goli la ng'ombe. Kadzidzi wa ku Tete, amene akuti sankaphethira ngakhale chibakera chikubwera. Ndi Rafaelo, amene kumeneko ankamutcha Kamvuluvulu.

"Kamvuluvulu wa chiyani?" ankatero a Yeremiya, akulavulira kumbali malovu a fodya. "Kamvuluvulu amanyamula mapesi ndi nthenga za nkhuku basi. Munthu womenya ndi dzanja limodzi ngati akuwaza nkhuni! Lamanzere lija amangolinyamulira ulemu."

"Koma mapazi, bambo, mapazi!" ankayankha a Saidi atatsamira chitseko, sizasi yodulira nsalu ili m'manja. A Saidi anali asanapondeko ku Halale, koma ankati mwana wa kwathu ndi wa kwathu. "Akuti mwanayo amavina. Ukamuponyera apa, iye ali apo."

"Ndiye akavine chimtali ndi atsikana. Tsiku limene adzasiye mowa n'kukumana ndi Nyundo, mudzandidzutse."

Masabata oyamba mawu otere ankamubaya Marita. Ankawerama n'kumasankha nyemba zosankha kale, makutu akutentha. Pamenepo ndi pamene anamvera kuti mwamuna wake wakonda mowa. Anamvanso dzina la mkazi wina wa kumeneko, lotchulidwa mwangozi, wina n'kutsokomola kuti alikwirire. Anameza zonsezo. M'kupita kwa nthawi anazindikira chinthu chimene amunawo sankachiganizira n'komwe: munthu amene akutukwanidwa chonchi ndiye kuti akudya ndipo akupuma. Rafaelo akakwera pa chala chapakati, ndiye kuti wamenya munthu. Akatsikira pa kachala kakang'ono, wamenyedwa, inde, koma wadzuka.

Amalume ake a Marita anali atatopa n'kumuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, chifukwa kunali mwamuna wina wa ku Kabwazi, wokhala ndi ngolo ndi ng'ombe zake, amene ankafunsafunsa za iye. Ansembe ankati ukwati sumasuka onse awiri ali moyo. Marita ngoloyo analibe nayo ntchito. Sankadziwanso ngati Rafaelo akumukondabe kapena akungomusungira mkwiyo, koma ankafuna munthuyo akhale moyo, adzabwere ndi miyendo yake, adzaime pakhomo kuti adzamukhuthulire zonse zimene anamusungira.

Zachilendo zinayamba m'mwezi wa Juni, nthawi imene kuzizira kwa ku Dedza kumang'amba milomo ndi zidendene. Njira yochokera kumudzi inkadutsa m'munsi mwa matanthwe aja okhala ndi zojambula za makolo, kenako n'kulowa m'nkhalango ya mabulugamu. M'mawa wina, dengu lili pamutu, nkhungu itatseka moti ngakhale phazi lako sungalione bwino, Marita anamva kupuma kumbuyo kwake. Sikunali kupuma kwa munthu wotopa ndi chitunda. Kunali kwa m'mphuno, kwakufupikufupi: fu, fu-fu, fu. Pansi pankamveka mapazi opepuka akusinthanasinthana pa masamba ouma, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo.

Kupuma kumeneko ankakudziwa. Rafaelo nkhonyazo anaziphunzira paulendo wake woyamba wa ku Halale asanakwatire, ndipo atalowa chikamwini ankamangirira thumba la mchenga ku mtengo wa mapichesi kuseri kwa nkhokwe n'kumalimenya m'mamawa. Amayi ake a Marita ankachita manyazi kudutsako. "Mkamwini wathu akulimbana ndi thumba, udzu ukuseka m'munda," ankatero. Marita ali pamtondo ankangomva fu, fu-fu, n'kumaseka yekha.

Ulendo uno sanaseke. Anatembenuka ndi dengu lomwe, ndipo kunalibe munthu. Mantha anamugwira. Anali Mkatolika wobatizidwa, kolona ili m'khosi, koma anakulira m'mudzi, ndipo ankadziwa kuti munthu amene ali ku Halale ndi thupi lake sangamveke m'mabulugamu a ku Mphunzi. Anachita chizindikiro cha mtanda n'kuthamanga, nyemba zikutayikira m'njira.

Mwamwayi, tsiku limenelo a Yeremiya anamutukwana Rafaelo koposa kale. Kunali kutatsika munthu wina wonena kuti Kamvuluvulu wagwetsedwa ndi Kadzidzi, ndipo nkhalamba ija inamukankhira pa kachala kakang'ono n'kumakagwedeza pamphuno pa a Saidi. Mtima wa Marita unakhala pansi. Anaseka mokweza moti amuna anacheuka, iye n'kubisa nkhope m'chitenje. Pobwerera anadutsa m'mabulugamu muja akuimba nyimbo ya kutchalitchi, akudziuza kuti anali gwape chabe.

Koma Loweruka lotsatira gwapeyo anabweranso, ndipo ulendo uno anali pafupi, pambali pake penipeni, kumayenda naye limodzi. Tsiku lina anaona kutsogolo kwake nkhungu ikugwedezeka pamalo amodzi, ngati munthu wobisa mutu m'mapewa akuzemba zibakera zosaoneka. Sanauze munthu, ngakhale amayi ake, poopa kuti akachitchula pakamwa chidzakhala choona. Ankangofulumira kuti akafike pakhonde paja akamve matukwano. Tsoka lake, masabata amenewo sikunatsike munthu aliyense wochokera ku Halale. Amunawo ankangobwereza nkhani zakale, ndipo matukwano ogonera analibe mphamvu ngati atsopano. Marita ankabwerera kumudzi mantha ake ali pomwepo.

Kenako kunadza Loweruka limene nkhungu sinachoke ngakhale pamsewu waukulu. M'mabulugamu munali zii, ndipo bata limenelo linamuopsa Marita kuposa kupuma kuja. Atafika anapeza pakhonde pali mlendo, atakhalira sutikesi yomanga ndi chingwe. Anali Damiano, mnyamata wa ku Lobi, mudzi umodzi ndi Rafaelo, amene anatsika basi dzulo lake n'kugona kwa a Saidi. Mtima wa Marita unadumpha. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Lero kumveka zatsopano.

Amuna aja anasiya kulankhula iye akutula dengu. A Saidi, amene zaka zonsezi ankangomugwedezera mutu, anatsika masitepe atanyamula chiguduli.

"Yalani ichi, amake Esitere, pansi pazizira lero. Mwadzuka bwanji kumudzi? Mwana ali bwanji?"

"Tadzuka bwino, bambo, kaya inu," anayankha Marita, akulandira ndi manja awiri. Ulemu umenewo sunamukondweretse.

Amunawo anayang'anana ngati ana oti aba nzimbe. Kenako a Saidi anaomba m'manja ndi chimwemwe chochita kukokera.

"Tiyeni, a Yeremiya, nthawi ikupita. Dzanja m'mwamba, monga mwa masiku onse."

A Yeremiya anatulutsa dzanja m'thumba la chikhoti pang'onopang'ono. Anaimika chala chachikulu n'kuchiyang'ana kanthawi.

"Kamvuluvulu," anatero.

"Eee," anavomera amuna onse, motsitsa mawu.

"Chigumula," anapitiriza, akuwongola chamkombaphala. "Nyundo. Kadzidzi."

Marita anamva kutentha kukwera pachifuwa mpaka kumaso. Mwamuna wake, woposa onse! Ndi a Yeremiya omwe avomereza! Anatsala pang'ono kululutira. Pajatu mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anakhala tcheru kudikira phokoso, chifukwa pakhonde limeneli munthu sankakwera ngakhale chala chimodzi popanda wina kuponya chipewa pansi n'kulumbira pa manda a amayi ake. Panalinso bambo wina wa ku Ntcheu amene akanatha kufa chifukwa cha Chigumula. Bamboyo anangoyang'ana nsapato zake. A Saidi, amene akanayenera kuvina, anabwerera pachitseko n'kumatsegula ndi kutseka sizasi popanda chodula.

Pamenepo kutentha kuja kunasanduka kuzizira. Marita anadzifunsa funso limene anali asanadzifunsepo: kodi n'chifukwa chiyani Chigumula sankatsutsidwa? Kodi analibe dzanja lofooka, analibe mowa wake, analibe tsiku limene anagwa? Anali nazo, ngati munthu aliyense. Kungoti anali atagona, ndipo amuna awa munthu wogona sankamupezera chifukwa. Ndipo a Yeremiya sakanasintha mtima usiku umodzi popanda kanthu. Galu wamkota sakandira pachabe.

Kwathu kuno uthenga wa maliro suponyedwa pamsika ngati mwala. Umayenda njira yake: kwa amalume a womwalirayo, kuchoka apo kwa ankhoswe, ankhoswe n'kukagogoda kwa mwini mbumba, ndipo mkazi amauzidwa atakhala pamphasa, amayi atamuzungulira. Amuna a pakhonde mwambowo ankaudziwa bwino. Anali atapangana m'mawa womwewo kuti asunge pakamwa, achite zonse monga mwa masiku onse kufikira Damiano atakatula mawu ku Lobi. Pakamwa anasungadi. Chimene chinawakanika ndi kunyoza munthu amene wagona, ndipo mitu yawo yonse pamodzi sinaganizeko kuti mayi wogulitsa nyemba m'munsimo ankaliwerenga dzanja lija kuposa iwo eni.

Marita anaimirira n'kukwera masitepe amene mkazi sankakwera pokhapokha akukagula mchere. Sanagwade, sanapereke moni.

"Abambo," anatero kwa a Yeremiya, "dzanja lamanzere lija lachira liti?"

Nkhalamba ija inayang'ana kumsewu.

"Ndikufunsatu. Lero wamposa Chigumula ndi dzanja liti?"

"Ndinkalakwitsa, mwana wanga. Maso a ukalamba awa."

"Simunkalakwitsa ayi! Ine ndiye ndikuwadziwa bambo ake a Esitere. Ndi aulesi, khasu ankaligwira ngati likutentha. Ndi chidakwa. Ali ndi mkazi wina kumeneko, mukuyesa sindinamve? Munthu wothawa mwana ali kumsana, ameneyo mumuike pamwamba pa anthu onse? Inu a ku Ntcheu, Chigumula wanu akumutsitsa inu muli chete? Tayankhulanitu! Si paja mumakuwa mpaka agalu kuthawa?"

Anawaponyera matukwano onse amene anasunga zaka zonsezo, akuyembekeza kuti wina atolapo limodzi n'kuwonjezera lake. Palibe anatola. Wina anatsokomola, wina anakoka chikhoti kubisa makutu. Marita anatembenukira kwa mlendo uja.

"Alamu, inu mwachokera komweko. Auzeni anthuwa kuti anamenyedwa. Auzeni kuti anagwa ngati thumba la madeya."

Damiano anali mnyamata woona mtima, ndipo bodza silinkamukhala.

"Anamenya nkhondo yoti ine sindinaonepo, mlamu. Anakumana ndi Nyundo. Anagwa, anadzuka. Anagwanso, anadzukanso, magazi ali m'maso, mpaka belu lomaliza. Bwalo lonse linaimirira, ndi Azezuru omwe. Anatuluka m'zingwe muja ndi miyendo yake."

"Nanga lero ali kuti?"

Damiano anagwira chingwe cha sutikesi n'kumachipotokola.

"Ine ndili paulendo wa ku Lobi, kwa amalume ake. Mawu ndikatula kumeneko."

Apo mpomwe Marita anagwada, koma sikunali kugwada kwa ulemu. Anagwada pamapazi pa a Yeremiya n'kuwagwira dzanja, chinthu chimene mkazi wa mwini sachita kwa mwamuna amene si mbale wake. Dzanjalo linali lozizira, lokhakhala. Anagwira chala chachikulu chija n'kuchipindira m'chikhatho.

"Mutsitseni, abambo. Sindikupempha zambiri. Muikeni pa kachala aka, ngakhale pa chitsa pomwepa. Mutukwaneni kamodzi kokha, ine nditenge dengu langa ndizipita kwathu."

Nkhalamba ija inayesa. Tisainamizire, inayesadi, chifukwa chisoni chinali chitaigwira ndipo inkafuna kumupatsa mayiyo chimene ankapempha. Inakonza kummero, inakwinya nkhope monga inkachitira Loweruka lililonse, inakweza chibwano.

"Mnyamata ameneyu," anayamba a Yeremiya, "mnyamata wopusa ameneyu, wosamva... Akanangogona pansi ulendo woyamba uja! Ndani akanamuseka? Ine ndemwe ndikanamuseka, basi, ine ndekha, nkhalamba yopanda pake..."

Mawu anathera pomwepo. Ndi dzanja linalo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Bambo wa ku Ntcheu uja anavulanso chake, kenako Damiano, kenako onse. A Saidi anakoka chitseko chimodzi cha sitolo n'kuchitseka, milomo ikuyenda ndi pemphero la kwawo.

Kutsidya kwa msewu amayi aja anaona mitu ya amuna ili pamtunda m'kuzizira koteroko, ndipo sanafunse munthu. Anasiya malonda awo n'kuyamba kuwoloka m'nkhungumo mmodzimmodzi, wina akumasula kale chitenje choti akamumange nacho mnzawo m'mimba. Woyamba kufika anamuika dzanja paphewa.

"Musandigwire," anatero Marita osacheuka. "Ine sindinauzidwe kanthu."

Amayiwo anakhala pansi momuzungulira, pakhonde la amuna lomwelo, n'kudikira. Marita anachigwirabe chala chija ndi manja onse awiri, chili chopinda, ndipo a Yeremiya, ngakhale chinkawapweteka, sanachiwongole.